Maso a Chipani: Mafunso ndi Mayankho Ochokera ku Naisi

Aliyense amene adakhalapo m'midzi ya ku Naisi, m'tsinde mwa phiri la Zomba, kapena m'chigwa chimene mtsinje wa Domasi umadutsa usanakathire m'nyanja ya Chilwa, adziwa kuti anthu a kuno, ngakhale amatunga pachitsime chimodzi, nagula pamsika umodzi wa Songani, nanyamulirana maliro mosafunsa mtundu kapena mpingo, akangofika pa nkhani za boma amalankhula monga anthu a maiko awiri. Kusiyana pa zimene boma liyenera kuchita si mlandu, pakuti ufulu umenewo tidauvotera tokha pa 14 Juni 1993. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tayamba kusiyana ngakhale pa zimene zachitika kale, zimene tonse tidaziona dzuwa likuswa mtengo.

Kodi n'zoona kuti chipani chingasinthe zimene munthu aona ndi maso ake?

N'zoona ndithu, ndipo anthu ophunzira adazitsimikiza kalekale. M'chaka cha 1951 ku America kudali mpira pakati pa sukulu ziwiri zaukachenjede, Princeton ndi Dartmouth, mpira wankhanza kotero kuti osewera ena adatuluka m'bwalo atavulala. Akatswiri awiri, Albert Hastorf ndi Hadley Cantril, adatenga kanema wa masewerawo naonetsa ophunzira a sukulu zonse ziwiri, nawapempha kuti awerenge zolakwa zimene aone. Ndipo ngakhale kanema adali yemweyo, ophunzira a ku Princeton adawerenga zolakwa za osewera a Dartmouth zoposa kawiri zimene a ku Dartmouth eni ake adaziona. Palibe amene adawatuma kuti aname, ndiponso iwo sadadziyese onama. Mtima ndiwo udatsogola, maso natsata pambuyo. Amene adamverapo pa wailesi mpira wa Bullets ndi Wanderers ali pakati pa otsatira mbali zonse ziwiri, akumbukira kuti penate imodzi yomweyo imakhala chilungamo kwa ena ndi umbava wa woimbira kwa ena. Komabe mpira umatha pa mphindi 90, pamene ndale zimatiperekeza kumunda, kuchipatala ndi kusukulu kwa ana athu.

Nanga kwathu kuno chitsanzo chake n'chiti?

Sitisowa kuwoloka ngakhale Likangala kuti tikachipeze. Pa 7 Epulo 2012, atamwalira Bingu wa Mutharika, Mayi Joyce Banda, mwana wa kuno kwa Malemia, amene adaimirapo dera la Zomba Malosa ku Nyumba ya Malamulo, adalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko. Adalandira dziko losowa mafuta a galimoto, ndalama zakunja zitatha, maiko otithandiza atatifulatira. Ndipo utangotha mwezi umodzi boma lake lidachita chimene Bingu adachikana kwa nthawi yaitali, ndicho kutsitsa mphamvu ya kwacha, kotero kuti dola imene inkagulidwa pafupifupi K168 idayamba kugulidwa K250. Zipatso zake zidali ziwiri, ndipo zonse zidali zoona: mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta idazimiririka, koma mitengo ya sopo, mchere, shuga ndi ulendo wa minibasi idakwera. Ovala nsalu ya olenji ya People's Party ankasimba za mizere imene idatha, ovala buluu wa DPP ankasimba za sopo amene adakwera, ndipo kudali kovuta kupeza munthu wotchula zonse ziwiri m'mpweya umodzi.

Tsono taonani mmene mpando umatembenuzira lilime. DPP italowanso m'boma mu 2014 pansi pa Peter Mutharika, kwacha idapitiriza kugwa, kuchoka pafupifupi K400 pa dola kufika kupitirira K700 mu 2016, ndipo ambiri amene adalira mokweza mu 2012 adapeza zifukwa zakuti ndi chilala ndi kusefukira kwa madzi, kapena ndi kuba kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kumene kudathawitsa otithandiza. Kenaka mu Novembala 2023 boma la Lazarus Chakwera lidatsitsa kwacha ndi magawo 44 pa 100 alionse, kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700, ponyengerera bungwe lomwelo la IMF limene Mayi Banda adalimvera. Ndipo otsatira tambala wakuda wa MCP, amene kale ankawerengera maboma ena mitengo ya zinthu, adayamba kunena kuti mankhwala ochiritsa amawawa. Mfundo idali imodzi nthawi zonsezi, ndipo funso loyenera lidali limodzi: kodi dziko logula zambiri kunja koposa zimene ligulitsa lingaiteteze bwanji ndalama yake, ndipo ikagwa, wosauka atetezedwa motani? Funso limenelo lidafunsidwa ndi ochepa, chifukwa ambiri a ife tinkayamba tafunsa kuti wachita ndani.

Koma mtengo wa chimanga ndi umodzi kwa onse. Munthu angaukane bwanji?

Saukana, ndipo apa m'pamene pali malire a mphamvu ya chipani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe nsalu ya chipani imene idauzapo mayi kuti ndowa ya chimanga yatsika pamene iye wangoigula kumene mokwera. Chipani sichikangana ndi mtengo, chimathamangira kukagwira chifukwa chake.

Ndidakhalapo pakhonde la golosale ina pamene akuluakulu awiri, munthu ndi mlamu wake, ankasewera bawo, kawailesi kali pambali. Padafika kamtsikana kodzagula mafuta ophikira a m'timapepala tomanga mfundo, kataumba ndalama m'dzanja mpaka kunyowa ndi thukuta; wogulitsa atawerenga adapukusa mutu, ndipo mwanayo adabwerera chimanjamanja. Onse awiri adamuona. Wina adati, "Alamu, mwaliona boma lanu? Mwana uja wabwerera." Mnzakeyo, osadzutsa mutu pa bawo, adayankha kuti, "Alamu, nkhondo ya ku Ukraine mwaiiwala? Namondwe Freddy mwamuiwala? Nanga ngongole adasiya anthu anu aja abweze ndani?" Aliyense wa iwo adanyamula chigawo cha choonadi, pakuti nkhondoyo idakwezadi mitengo ya feteleza ndi mafuta pa dziko lonse mu 2022, namondweyo adasakazadi chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, ndiponso boma limene lidali pampando lidali ndi mlandu wake pa kayendetsedwe ka chuma, koma aliyense adatola chigawo chokhacho chimene sichikadamchititsa manyazi pamaso pa mlamu wake.

N'chimodzimodzi ndi njala ya 2002, imene akulu a m'chigwa chino saiiwala. Pamene anthu ankadya madeya ndi mizu, zidadziwika kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale chaka chimenecho, anthu atayamba kale kufa. Otsatira UDF adati IMF ndiyo idalamula kuti chimanga chigulitsidwe. Otsutsa adati akuluakulu ndiwo adachigawana. Kunena zoona, IMF idalangizadi kuti nkhokwe zichepetsedwe, koma sidanene kuti zikokolodwe, ndipo kagulitsidwe kake kadali kokayikitsa mpaka bungwe lolimbana ndi ziphuphu lidalowererapo. Wofuna kudziwa chimene chidapha anthu ayenera kusenza mbali zonse ziwirizo, ngakhale imodzi ikumlasa.

Bwanji nkhani ya feteleza wotsika mtengo, imene zipani zonse zimati n'njawo?

Imeneyi ndiyo imaonetsa poyera kuti nthawi zambiri timaweruza dzina m'malo mwa ntchito. Mu 1998 boma la Muluzi lidayamba kugawa timatumba ta mbewu ndi feteleza totchedwa Starter Pack. Mu 2005 Bingu adabweretsa makuponi. Mu 2020 Chakwera adabweretsa AIP, thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Maina adasintha, kukula kwake kudasintha, koma nzeru yake idali imodzi, yakuti boma lilipire gawo la mtengo kuti mlimi wamng'ono athire feteleza. Chodabwitsa n'chakuti madandaulo nawonso sadasinthe: feteleza kufika mochedwa chimanga chitayamba kale kufiira, maina kusowa m'kaundula, mavenda kugula makuponi kwa osauka, ndi ndalama zochuluka za unduna wa zaulimi kuthera pa chinthu chimodzi pamene alangizi ndi ulimi wothirira, monga sikimu ya mpunga ya Domasi, zikusowa thandizo. Koma munthu yemweyo amene amaona zilema zonsezi chipani chake chili kunja, chikalowa m'boma amaziyesa miseche ya adani.

Katswiri wina wa ku America, Geoffrey Cohen, adayesa khalidwe limeneli mu 2003. Adapatsa anthu mapepala ofotokoza ndondomeko yothandizira osauka, ena yowolowa manja, ena youma. Pamene sadatchule chipani, aliyense adaweruza monga mwa chikhulupiriro chake, koma atangonena kuti chipani chakuti chaivomereza, anthu adatsata chipani chawo ngakhale ndondomekoyo idali yotsutsana ndi zimene amakhulupirira. Ndipo atafunsidwa, adakana kwamtuwagalu kuti chipani chidawatsogolera, nanena kuti a mbali inayo ndiwo amatengeka chotero.

Kodi vuto limeneli si umbuli chabe, umene sukulu idzauchotsa?

Iyayi. Kafukufuku wa Dan Kahan ndi anzake adaonetsa kuti pa nkhani zogawanitsa zipani, odziwa masamu kwambiri ndiwo amasiyana kwambiri, popeza nzeru zawo amazigwiritsa ntchito kutchinjiriza mbali yawo. Amene adaphunzira ku Chancellor College sapulumuka chifukwa cha digiri yake. Amangokhala ndi zifukwa zambiri ndi Chingerezi chosalala. Tisanyoze agogo a kumudzi pa tchimo limene likukula bwino m'maofesi ndi pa Facebook.

Kodi anthu amakhulupiriradi zimene amanena, kapena amangoimbira mbali yawo?

Zonse ziwiri zilipo, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa. Mu 2015 magulu awiri a akatswiri ku America adafalitsa zotsatira za mayeso m'mene ankafunsa anthu mafunso a zachuma ndi zina zotero, nalonjeza kandalama kochepa pa yankho lililonse lolondola. Ndipo kusiyana kwa mayankho pakati pa otsatira zipani kudachepa kwambiri. Izi zisonyeza kuti ambiri amadziwa zoona pansi pa mtima, kapena amadziwa kuti sadziwa, koma pagulu amayankha monga oimba nyimbo ya kwawo.

Ife a ku Zomba tiyenera kuzimvetsa msanga, popeza tidakhalapo m'masiku amene pakamwa ndi mtima zinkayenda njira zosiyana. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa kuno ku Zomba, nagonekedwa kundende ya Mikuyu, nakaphedwa ku Mwanza. Wailesi idalengeza kuti adafa pangozi ya galimoto, ndipo anthu adagwedeza mitu poyera, nanong'onezana zina m'nyumba zitseko zili zotseka. Amenewo adali mantha, ndipo wamantha amadziwa kuti akubisa. Koma ufulu utabwera, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha litapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa, ndiponso khoti litamasula Kamuzu Banda ndi John Tembo mu Disembala 1995, ena adagwira lipoti nataya chigamulo, ena adagwira chigamulo nataya lipoti, popanda wowaopseza. Ukapolo wa mantha udatha ndi referendamu. Ukapolo wa chikondi ndi wovuta kuuthawa, chifukwa womangidwayo samva unyolo.

N'chifukwa chiyani chipani chili ndi mphamvu yotere pakati pathu?

Chifukwa kwa ambiri a ife chipani si mndandanda wa mfundo zimene tidaziwerenga n'kuzisankha, koma ndi kwathu. Chisankho cha 1994 chidaonetsa zimenezi mosabisa, pamene Muluzi adapeza pafupifupi magawo 47 pa 100, makamaka kumwera, Kamuzu magawo 33, makamaka pakati, ndi Chakufwa Chihana magawo 19, makamaka kumpoto. Munthu wa ku Domasi, amene Machinga kwawo kwa Muluzi ndi khomo loyandikana nalo, ndiponso Mayi Banda ndi mwana wa pamudzi, akamva wina akudzudzula atsogoleri amenewa samva mtsutso wa zachuma, amamva chipongwe cholunjika pa mbumba yake. Kuvomera kuti mtsogoleri wakwanu walakwa kumaoneka ngati kuvula mbale wako pamsika.

Palinso chifukwa cha m'mimba, chimene sitiyenera kuchichitira manyazi pochitchula. M'dziko limene msewu, mjigo, ntchito ya mwana ndi dzina m'kaundula wa thandizo zimaoneka ngati zimatsata amene ali pampando, munthu amaona kuti kugwa kwa chipani chake ndi kugwa kwa nkhokwe yake, ndipo nkhani iliyonse yoipitsa chipanicho amailandira monga mbala yofika usiku.

Chachitatu ndi mboni zimene timasankha. Zinthu zambiri za boma zimachitikira kutali, ku Lilongwe kapena ku Washington, kumene maso athu safika, kotero kuti timadalira wotiuza. Ndipo wailesi ya MBC, imene maboma onse aigwiritsa ntchito monga lipenga lawo, idaphunzitsa anthu kuti nkhani ili ndi mwini wake. Lero aliyense ali ndi gulu lake la WhatsApp, m'mene mumalowa okhawo ogwirizana naye, ndipo uthenga wa mawu wojambulidwa ndi munthu wosadziwika umafika ku Naisi msanga koposa lipoti lililonse la boma. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ife tampatsa kandimverereyo foni.

Nanga khoti likaweruza, monga lidachitira pa chisankho cha 2019, nkhani siithera pomwepo?

Ikadayenera kuthera pomwepo, koma taonani zimene zidachitika. Pa chisankho cha 21 Meyi 2019 bungwe la MEC lidalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi magawo 38.6 pa 100, Chakwera 35.4, ndi Saulos Chilima 20.2. Mlandu wotsutsa zotsatirazo udamveka miyezi yambiri pa wailesi, anthu akumvera m'minda ndi m'misika za mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adagamula kuti zolakwika zidali zochuluka ndi zazikulu kotero kuti chisankhocho sichingaime, chigamulo chimene khoti lalikulu la apilo lidachitsimikiza mu Meyi. Dziko lonse lidamva mawu amodzimodzi tsiku limodzi. Komabe otsatira MCP ndi UTM adamva kuti khoti latsimikiza kuti Chakwera ndiye adapambana naberedwa, chimene khoti silidanene, pakuti lidangoti zotsatirazo n'zosadalirika. Ndipo otsatira DPP adamva kuti oweruza alanda boma mwachiwembu, osafuna kuyang'ana mapepala ofufutidwawo, amene ngakhale a MEC sadakane kuti adalipo. Chigamulo chimenecho chidalemekezetsa Malawi pamaso pa maiko, ndipo n'zachisoni kuti eni akefe tidachidula pakati, aliyense natenga chidutswa chomkomera.

Kodi pali nthawi imene zoona zidagonjetsa chipani?

Ilipo, ndipo n'chifukwa chake sinditaya mtima. Mu 2009, zitatha zaka za zokolola zabwino, Bingu adapeza pafupifupi magawo 66 pa 100, navoteredwa ngakhale m'zigawo zimene sizidali zake; patangopita zaka ziwiri, mafuta atasowa, anthu omwewo adatuluka m'misewu pa 20 Julayi 2011, ndipo 20 adaphedwa. Mu 2014 Mayi Banda, ali pampando, adatsirizira pachitatu Cashgate itawululika. Mu Juni 2020 Chakwera adapambana ndi magawo oposa 58 pa 100, ndipo mu Seputembala 2025 anthu adamchotsa nabwezera Mutharika, mitengo ya zinthu itawapsinja. Mtundu umene wachotsa atsogoleri okhala pampando kangapo konse sungatchedwe wakhungu. Chimene ndikudandaula n'chakuti timapenya pokhapokha ululu utafika pa fupa, pamene tikadamvera chenjezo msanga, ngakhale lochokera kwa munthu wa nsalu ina, tikadapewa zambiri. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atavala buluu, chikasu, olenji kapena zofiira.

Tsono munthu wamba wa ku Naisi achite chiyani?

Sindikupempha munthu kuti ataye chipani chake, pakuti dziko la zipani zambiri lifuna anthu okonda zipani zawo, ozigwirira ntchito ndi kuzidzudzula ali m'kati. Ndikupempha kuti nkhani ikafika, musanakondwe kapena kukwiya, mudzifunse ngati mukadailandira chimodzimodzi ikadanenedwa za mtsogoleri wa mbali inayo. Ndipo nkhani imene yakukomerani kwambiri ndiyo muyambe kuikayikira, osaitumiza kwa ena musanadziwe gwero lake. Mverani wailesi ziwiri m'malo mwa imodzi. Kumbukirani kuti likulu la National Statistical Office, limene limalengeza mwezi ndi mwezi za kukwera kwa mitengo ya zinthu, lili mu mzinda wathu womwewu wa Zomba, monganso Centre for Social Research imene imachita kafukufuku wa Afrobarometer wofunsa Amalawi maganizo awo. Ziwerengero zawo muzilandire chaka chimene zikukomerani ndi chaka chimene zikukutsutsani, pakuti muyeso wosintha monga mwa wogula ndi wonyansa m'malonda ndi m'ndale momwe.

Koposa zonse, sungani mbiri yanuyanu. Tengani kope la mwana wa sukulu, mulembemo mtengo wa ndowa ya chimanga mwezi wa Febuluwale chaka chilichonse, mwezi umene feteleza adafika, maina angati a m'mudzi mwanu adalowa m'kaundula ndi angati adagula, ndiponso masiku amene mudapita kuchipatala n'kupeza mankhwala. Kope limenelo silidzasintha mawu boma likasintha. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo likukulolani kufunsa mmene ndalama za chitukuko cha dera lanu zayendera. Abale anga a ku Naisi, a ku Songani ndi a ku Malosa, amfumu akadzaitana msonkhano wa chitukuko, pitani ndi kope lanu m'manja, mukafunse khansala ndi phungu mafunso omwewo, kaya mudawavotera kaya simudawavotere, ndipo musabalalike asanakuyankheni.